Makapisozi M'madeya

Rahima anali pakati pokama ng'ombe pamene anaona Clara akutsika pa njinga yamoto, envelopu ili m'manja. Anasiya kukama. Clara anali dotolo wa ziweto amene ankayendera makola a mu Zomba kufufuza tizilombo tosamva mankhwala. Masabata atatu m'mbuyomo anafika pa khola lomweli ku Likangala n'kutenga ndowe ndi mkaka kuti akapime.

A Sefu, amuna ake a Rahima, anali atatha mwezi ali m'chipatala. Kunayamba ngati kutsegula m'mimba wamba, kenako magazi, kenako kutentha thupi kosatsika. Madokotala anasintha mankhwala katatu, koma osaphula kanthu. Munthu amene ankasenza yekha thumba la chimanga tsopano ankachita kumugwirira popita kuchimbudzi. Namwino wina anauza Rahima kuti tizilomboto n'tochokera ku ng'ombe, ndipo tinazolowera mankhwala kalekale.

Rahima ankamudziwa amene anatizoloweza. Chaka chatha bere la ng'ombe yake litatupa, sanaitane alangizi. Anatenga makapisozi amene mwana wake anasiya n'kuwasakaniza m'madeya. Litatupanso anakagula ena pa okala. Ankaipatsa masiku awiri, kutupa kukaphwa n'kusiya. Mkaka sanautayepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo chambiko chake a Sefu ankachikonda kwabasi.

Zimenezi sanauzepo munthu. Ku wodi ankangowapukuta nkhope a Sefu. Pa swala ankapempha Mulungu kuti ngati pafunika maliro, akhale ake.

Clara asanamalize n'komwe moni, Rahima anayamba kuulula. Anatchula makapisozi, okala, ndi mkaka umene ankayenera kutaya. Anati ng'ombeyo aiphe lero lomwe ngati n'kofunika, koma a Sefu asamve kuti wawapweteka ndi mkazi wawo yemwe.

Clara anamumvetsera mpaka anamaliza. Anamudzudzula ndithu, kuti mankhwala a anthu si a ziweto, ndipo kuwasiyira panjira n'kumene kumalimbitsa tizilombo. Atatero anatsegula envelopu ija. Anafotokoza kuti tizilombo nato tili ndi chibadwa chake, moti makina amatha kuzindikira tamtundu umodzi monga mmene munthu amadziwira ana a bere limodzi.

"Koma ta ng'ombe yanuyi ndi ta a Sefu palibe chibale, mayi. Mtima ukhale pansi, si inu."

Rahima anangokhala pansi m'khola momwemo. Analira, kwinaku akuseka, kwinaku akuthokoza Mulungu. Clara anawonjezera kuti madokotala adziwa tsopano mankhwala oyenera, ndipo chiyembekezo chilipo. Rahima anapukuta misozi ndi mpango wake n'kufunsa kumene nanga matendawo anachokera.

"Ku khola lina lija la a Sefu ku Chikamveka," anayankha Clara akupinda mapepala ake. "Kwa akazi anzanu, a Nadia. Nayenso mwana wawo wamng'ono anamugoneka dzulo. Ndimayesa mwaonana ku wodi."

Pa zaka makumi awiri za ukwati wake, Rahima ankadziwa khola limodzi ndi nyumba imodzi basi.