Bangwe wa mu Kompyuta

Litabwera lamulo loletsa zida zoimbira, Nasibeko anatentha yekha bangwe wa malemu mwamuna wake. Koma mwana wake Tadala anali atajambula kale kulira kwa nsambo iliyonse, n'kusunga mu kompyuta yotsegulira madzi a kudimba. Ukadina batani, nsambo inkalira ngati mwini wake ali pakhonde.

Masana ankatchinga zenera ndi bulangeti, Tadala n'kumaimba motsitsa nyimbo imene bambo ake anapeka atadwala kale, imene sinatulukepo m'nyumbamo.

"Akatipeza tidzati chiyani?" Nasibeko ananong'ona.

"Amayi, iyi ndi kompyuta. Lamulo likunena zida."

"Mlamu wako anangogogoda ndowa, anamumanga, mpaka lero sanabwerere. Ndowa ndi chida?"

Tadala anapitiriza kudina.

M'mawa mwake kumjigo, Nasibeko anapeza Nagama, mkazi wa mkulu woyendera m'makomo kufufuza ophwanya lamulo lija, akupopa madzi uku akung'ung'udza nyimbo yomwe ija. Nasibeko anaima pomwepo.

"Ndi yokoma, eti?" anatero Nagama osatembenuka. "Bambo a kwathu akundifunsa kuti ndinaimva kuti."