Mtima wa Mayi Natalia Sunali Kumanja

Panali munthu wina dzina lake Noel, amene ankagwira ntchito pa kachipatala kena ka eni ake pa Nsaru. Chipatalacho chitagula makina oyeza kagundidwe ka mtima, aja amamata mawaya pathupi n'kutulutsa pepala la mizere, anaitana mayi Cecilia kuti amuphunzitse. Mayiwa anagwira makina amenewa zaka zambiri mumzinda.

Tsiku loyamba lomwe anamuuza kuti, "Achimwene, waya wofiira ndi wa dzanja lamanja, wachikasu ndi wa lamanzere. Koma manja ake ndi a wodwala, osati anu. Mukaima moyang'anizana naye, kumanja kwanu ndi kumanzere kwake. Ndipo pepala likatuluka lachilendo, yambani mwakayikira mawaya musanakayikire mtima wa munthu."

Noel anaseka. "Amayi, kodi kumanja ndi kumanzere ndikachite kuphunzira pa msinkhu uno? Makinawa amalemba okha zotsatira. Ntchito yanga ndi kudina basi."

Patapita milungu itatu, mayi Cecilia ali kumaliro ku Mpingu, kunabwera mayi Natalia tsiku Lolemba. Iwo ndi amuna awo, a Mathews, anali matenanti ochokera ku Mulanje pa esiteti ina ya fodya cha ku Kabudula. Mayiwo ankadandaula kuti mtima ukuthamanga akangoyenda pang'ono.

Noel anawagoneka, naima kutsogolo kwawo uku akuyankha foni. Waya wofiira anaumata mbali imene kunali dzanja lake lamanja. Pepala litatuluka, pamwamba pake makina analemba zinthu ziwiri m'Chingerezi: mwina mtima uli mbali ya kumanja, kapena mawaya a m'manja asemphana. Iye anawerenga choyamba chokhacho, poti ndicho chinali chokoma kukamba.

Ndiye taonani chipongwe chake. M'malo mopita nalo pepalalo kwa dokotala, anatuluka nalo pakhonde pamene panali mzere wa anthu.

"Inu mayi, munabadwa bwanji? Mtima wanu uli kumanja. Chiyambire ntchito sindinaonepo munthu wotere."

Pamzerepo panali amayi awiri a pa esiteti yomweyo. Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika kale, ndipo inali itakula. Amati makina a kuchipatala agwira mfiti ya mtima wotembenuka. Wina anakumbukira kuti mwana wake anadwala atadya mbatata za kwa Natalia. Wina anati nkhuku zake zinayamba kufa mwezi umene banjalo linafika. Pachitsime anthu ankachotsa ndowa zawo mayiyo akafika. Kapitawo wa pa esitetiyo anaitana a Mathews n'kuwauza kuti pofika Loweruka akhale atachoka, iye safuna zipolowe nthawi yothyola fodya.

Lachinayi m'mawa a Mathews anabwera ndi akazi awo, pepala lili m'manja, ndipo anapeza mayi Cecilia atabwerako.

"Amayi, tandiuzeni zoona. Ndakhala nawo zaka khumi ndi zinayi mayiwa. Ndikagona pachifuwa pawo mtima ndimaumva kuno kumanzere. Kodi unasamuka liti?"

Mayi Cecilia anangoyang'ana pepalalo kamodzi. Anaitana Noel.

"Werengani mzere uwu mpaka kumapeto."

Anawerenga, mawu akutsika.

"Tsopano amateninso mawaya ine ndikuona."

Noel anatenga wofiira uja n'kulunjikanso mbali yolakwika. Mayi Cecilia anamugwira mkono.

"Dzanja limenelo ndi la ndani, achimwene? Paja munati kumanja simuchita kuphunzira, eti?"

Atamata bwino, pepala linatuluka labwinobwino. Mtima unali pamalo pake. Dokotala atawayeza anapeza kuti mayi Natalia anali ndi magazi ochepa chabe, nawapatsa mapilitsi.

"Mawu munawatulutsira pagulu," anatero mayi Cecilia. "Mukawabwezenso pagulu. Lero lomwe."

Noel anakwera kabaza mpaka ku esiteti kuja. Anaima pafupi ndi chigafa, mapepala awiri m'manja, n'kufotokoza za waya wofiira ndi wachikasu. Anapepesa. Anthu anamvetsera mpaka anamaliza.

Kenako bambo wina anafunsa kuti, "Adokotala, makina ake ndi omwewo?"

"Omwewo."

"Munthu wake ndi yemweyo?"

"Yemweyo."

"Ndiye mwaona nokha. Lolemba mtima unali kumanja, Lachinayi wabwerera kumanzere. Munthu wamba angathe zimenezo?"

Anthu anavomereza ndi mitu. Noel anayesa kulankhulanso, koma panalibe womumvera. Pepala loyamba analikhulupirira osaliona n'komwe, lachiwiri analiona ndi maso koma analikana.

Loweruka m'mawa banja lija linakweza mphasa, ndowa ndi ana atatu pa lole yopita ku Lilongwe. Fodya amene analima chaka chonse anamusiya akuuma m'chigafa. Noel anaima pamsewu pa Nsaru lole ikudutsa, akufuna kupepesanso. Mayi Natalia anamuona. Sanamutukwane. Anangoika dzanja pachifuwa, kumanzere, mpaka lole inakhota.

Phunziro: Inu nonse ogwira makina a m'chipatala, zimene mumaziyesa zazing'ono ndizo ntchito yeniyeniyo. Dziwani waya aliyense pomwe akhala, werengani pepala mpaka kumapeto, ndipo zotsatira za wodwala ndi za dokotala ndi mwini wake, osati za pakhonde. Ena a ife sukulu tinapitako ndithu, mayeso tinakhoza bwino lomwe, koma akamatiphunzitsa timakhala chete n'kumva. Nanga inu mwaposa ndani? Tumizani uthengawu kwa aliyense wovala yunifolomu yoyera amene mukumudziwa, auwerenge asanamate waya pa munthu wina.