Dzino Limodzi Lasowa

Matewera anali atachapa, mbale atatsuka, m'nyumba atakolopa, nyemba zili pamoto. Kunatsala kuyanika, kusita malaya, ndi kusankha zingwe za m'katoni. Mayi a Phwiti anakhazika mwana pamphasa, kumupatsa chivindikiro cha poto kuti azimenya, iwo n'kutuluka ndi beseni.

Amuna awo amagula ndi kugulitsa makompyuta ndi makina a magemu akalekale, ena oposa iwo eni kubadwa. Alipo anthu amene amawafunabe. Chovuta ndi zingwe zolumikizira zogwirira m'manja ku makinawo. Zimafanana ngati ana a mimba imodzi, koma ukasokoneza, makina sayankha. Mayi a Phwiti sukulu analekera panjira, koma zingwezi anazidziwa msanga, ndipo ndiwo amazisankha. Umayang'ana mutu wa chingwe, n'kuwerenga timano tachitsulo tam'kati. Mutu wozungulira uli ndi mulu wake. Mutu wophwatalala uli ndi mano asanu m'mwamba, anayi m'munsi. Zimenezi akanatha kuzinena ali m'tulo.

Pobwera koyanika anapeza m'nyumba muli zii. Mwana wokwawa akakhala chete, mayi amadziwa kuti kwagwa kanthu. Phwiti anali pansi pa tebulo la bambo ake, mutu wa chingwe uli m'kamwa, dovu lili chuchuchu.

Anamulanda. Mwana analira, kenako anatsokomola, n'kumeza ngati wameza chowawa. Mayi anapukuta mutu wa chingwewo pa siketi, ndipo maso awo anawerenga okha mwa chizolowezi. M'mwamba asanu. M'munsi atatu. Pamene panayenera kukhala dzino lachinayi panali kabowo kakuda.

Anawerenganso ndi chikhadabo. Atatu.

Anapisa chala m'kamwa mwa mwana, kumasaya, pansi pa lilime. Munalibe kanthu. Anakutumula mphasa. Anagwada n'kupapasa simenti ndi zikhato, kuyambira pa tebulo mpaka pakhomo. Anakhuthula katoni yonse, kutola chingwe chilichonse cha mutu wotero. Chilichonse chinali ndi mano ake okwanira, oongoka, osongoka ngati singano. Anadzibaya nalo limodzi pachala kuti aone. Linaboola khungu.

Anatola foni. Anayimbira amuna awo. Foni inangolira mpaka kuduka. Anayimbanso. Chimodzimodzi.

"Aneba! Aneba, tabwerani!"

Mayi wa khomo loyandikana analowa manja ali thovu lokhalokha. Anamva nkhaniyo ataima, nayang'ana mwana amene tsopano ankangofwenthera.

"Mumwetseni madzi amchere asanze," anatero.

"Chinthu chosongoka? Chikam'ng'amba pobwerera?"

"Ndiye mupatseni nthochi, chitsike nayo. Wanga anameza batani, mawa lake tinalipeza m'thewera likuwala."

"Batani si singano, aneba. Ndiyitanireni galimoto. Ndikupita kuchipatala."

Aneba anatuluka chothamanga, foni ili kukhutu. Phwiti anatsokomolanso. Mayi anamuyika khutu pamimba osadziwa chimene akufuna kumva. Anamuyang'ana milomo ngati yasintha mtundu, anamuyang'ana dovu ngati muli magazi. Mwana atayamba kusinza, mantha anakula. Kodi ndi tulo take tamasana, kapena chayamba kugwira ntchito m'katimo? Anamugwedeza kuti asagone. Analira, ndipo kulirako kunawakhazikako mtima pansi pang'ono.

Anaganiza mwachangu. Adokotala akafunsa kuti wameza chiyani, chachitali bwanji. Kufotokoza ndi pakamwa n'kutaya nthawi, bola kukawaonetsa mano otsalawo. Koma chingwe chinali chitakulungidwa kumwendo wa tebulo, mbali inayo italowa kuseri kwa makina olemera. Anakoka, sichinabwere. Anatenga mpeni wa masamba, n'kudula mutuwo kamodzi, kuuponya m'chikwama pamodzi ndi thewera ndi buku lakusikelo.

Fungo la nyemba zopserera linadzaza m'nyumba. Sanacheuke. Anabereka mwana. Panja galimoto inaliza hutala.

Potsegula chitseko anagundana ndi amuna awo, atanyamula wailesi yakanema yachikale pamimba, thukuta lili kamukamu, foni ili m'thumba lakumbuyo.

"Mayi a Phwiti, kwagwanji? Galimotoyi ndi ya ndani?"

"Mwana wameza dzino la chingwe chanu! Mwakhala mukutani osayankha foni?"

Bambowo anatula katunduyo pansi mosasamala, nkhope itasintha. "Chingwe chiti? Ndionetseni."

Anawapatsa mutu uja. Anautembenuza, kuuyandikitsa kumaso, kenako anayang'ana pansi pa tebulo pamene chotsalacho chinkalendewera. Anakhala pansi pakhomo pomwepo, n'kupuma mpweya wautali.

"Dzino limeneli ndinalizula ndekha usiku wathawu, ndinakalitaya kudzala. Makina a kasitomala amene ndamupezera chingwechi safuna dzino limenelo, likakhalapo amapsa."

Phwiti anali atagona kumsana, akuliza kamkonono. Tsiku limenelo linawadyera poto wa nyemba, ulendo wa galimoto imene sanakwere, ndi chingwe chimene bambowo anachisaka chaka chathunthu, chomwe kasitomalayo ankabwera kudzatenga madzulo omwewo.