Msulu Athamangitsa Omanga Chulu

Padangokhala, pakati pa dambo lina, chulu chachikulu chimene ankamanga Chiswe ndi ana ake. Chilala chitavuta kumapiri, tinyama tambiri tinakhamukira kumeneko kufunafuna pogona.

Msulu, amene anali mlendo woyamba kufika, anaonapo mwayi. Anayamba kugawa mauna kwa okhawo obwera ndi mazira.

"Achimwene," anatero Chiswe, "alendo akuchuluka. Tisiyireni mbali yakum'mawayi timange zipinda zina, aliyense apeze pogona."

"Zipinda zikachuluka, adzandipatsenso mazira ndani?" anayankha Msulu. "Ndiponso inuyo mukungotha malo. Samukani!"

Chiswe anasonkhanitsa ana ake n'kupita kutsidya kwa mtsinje.

Mbewa, amene analibe mazira, ankagona panja ndi ana ake, ndipo Kadzidzi anawatola mmodzimmodzi.

Dzinja litafika, mvula inayamba kukokolola chulu. Msulu anayesa kumata ming'alu, koma zikhadabo zake zinkangodziwa kukumba. Denga linagwa, alendo onse n'kubalalika.

Atanyoweratu, Msulu anaima m'mbali mwa mtsinje akukuwa kuti, "Achimwene, bwererani! Dzamangeni mmene mungafunire!"

Koma mtsinje unali utasefukira, ndipo mawu akewo sanaoloke.