Yunifolomu Yoyera ya Ana a Bakha

Padangokhala Mayi Bakha, amene ankanyadira ana awo kuposa mbalame zonse za pasukulu ya kudambo. Ankawachapira yunifolomu mpaka kuyera mbee, n'kuwalamula kuti, "Pa buleki muzikhala m'kalasi. Fumbi ndi la ana a eni."

Ana a Nkhanga ndiye ankasewera chipako ndi fulaye tsiku lililonse, mpaka thupi lonse mawangamawanga.

"Achemwali, ana anuwa mumawasambitsa koma?" anafunsa Mayi Bakha monyodola.

"Amasamba thukuta, amnzanga," anayankha Mayi Nkhanga. "Nanga anuwo miyendo anaibwereka?"

Tsiku lina sukulu inayamba kuphika phala, mphika n'kuutereka kutsidya kwa dziwe. Mayi Bakha anali m'gulu la ophika, ndipo anaima ndi chipande kudikira ana awo. Belu litalira, ana a Nkhanga anazungulira dziwe ndi liwiro la mtondo wadooka. Ana a Bakha anatsatira ali dzandidzandi, n'kukhala pansi panjira, wefuwefu. Pofika anapeza mayi awo akukokota mphika.

"Anyambite yunifolomuyo," anaseka Mayi Nkhanga, koma anagawira ana a Bakhawo phala la m'kapu mwawo.

M'mawa mwake Mayi Bakha anakankhira ana awo m'dziwe kuti azisambira, ndipo sanadumphenso tsiku. Mapiko analimba, mpweya unakwana. Tsopano belu likalira amadulira pamadzi n'kufika pamphika oyamba, yunifolomu ili yonyowa.

"Mwawaona ana anga?" amatero Mayi Bakha, chifuwa patsogolo. "Ndinanena kale ine kuti mwana azisewera!"

Mphika wauma, nthano yathera pamenepa.