Kamalo Pakati pa Mbewa

"Ndiye mbewayo mumaibaya mankhwala kuti chotupa chiwale pachithunzi?" anafunsa Abiti Sadik.

"Eya, amayi," anayankha Nuru, mwana wawo wofufuza za khansa ku Joni, yemwe anabwera kudzawaona ku Nkope. "Kale makina ankajambula mbewa imodziimodzi. Ine ndapeza njira yojambulira zinayi nthawi imodzi. Panopa palibe mbewa yodikira."

"Mashaallah! Mbewa zamwayi."

Mayiwo anatenga dzanja la Nuru n'kuliika pansi pa bere lawo. Panali chotupa cholimba ngati mwala.

"Kuchipatala anati mzere wojambulitsa ndi wautali. Mvula yagwa mpaka yasiya, ine ndikudikirabe. Ukabwerera, mwanangu, ukazipemphe mbewazo zindisendereko pang'ono. Ndine wochepa thupi, ndikwana."