Kangaude ndi Chikwa cha Mbozi

Padangokhala, m'nkhalango ya miombo, Kangaude adaona Mbozi wonenepa akudzikulunga mu ulusi wake womwe.

"Achemwali, ulusi wosalala chonchi mukuuwonongeranji?" adafunsa Kangaude. "Ulusi ndi wogwirira chakudya. Inu mwadzigwira nokha!"

"Bwerani mvula ikagwa, tidzaone ulusi womwe wagwira chachikulu," adayankha Mbozi, n'kutseka chikwa chake.

Kangaude sadapeze mtendere. Ankagogoda, ankatchera khutu, koma m'katimo munali zii. Pofuna kuti chotulukamo chisamudutse, adaluka ukonde pakhomo penipeni pa chikwacho.

Mvula yoyamba itagwa, chikwa chidang'ambika. Mudatuluka gulugufe wamkulu ngati chikhatho, wamapiko ofiirira okhala ndi mawanga onga maso a kadzidzi. Kangaude adasendera pafupi.

"Kodi ndinu omwe aja? Nanga bwanji simukuyang'ana n'komwe masamba?"

"Ndidadyeratu ndili mbozi. Masiku anditsalira ndi ochepa, ndikukafuna mwamuna kuti ndiikire mazira."

"Simudutsa pano musanandiuze zomwe zimachitika m'katimo!"

"Inenso sindikudziwa, anzanga. Ndinali m'tulo."

Gulugufe adakupiza mapiko, n'kuboola ukonde uja. Kangaude adangotsala ndi fumbi la mapiko pa ulusi woduka.

Mpaka lero Kangaude akagwira kachilombo amakakulunga bwinobwino, n'kukhala pambali kuti aone chimene chitulukemo. Koma njala imamufika msanga, ndipo amadya yankho lisanaoneke.

Nthano yanga yaulukira pomwepo.